Nee-dash, gule wokonza dziko la anthu a Tolowa

Kumpoto kwenikweni kwa California, ku America, chakufupi ndi pamene mtsinje wa Smith umathira m'nyanja ya Pacific, kuli kachitunda ka mchenga komera udzu. Pamwamba pake pali manda akale otchingidwa ndi mpanda, ndipo mphepo yozizira ya kunyanja siileka kuwomba. Pamapu a boma malowa ali m'kati mwa Tolowa Dunes State Park, ndipo dzina lake analilemba kuti Yontocket. Eni ake, anthu a Tolowa, amati Yan'-daa-k'vt. Kwa iwo pamenepa ndi pamchombo pa dziko lonse: m'pomwe Namalenga anayambira ntchito yake, pomwe panamera mtengo woyamba wa redwood, pomwenso anthu oyamba anaponda nthaka. Chaka ndi chaka, nthawi imene usiku umatalikitsitsa, anthu a midzi yapafupi ndi yakutali ankasonkhana pamenepa kudzavina Nee-dash, gule wa masiku 10 wothokoza Namalenga ndi kukonzanso dziko. Chakumapeto kwa 1853 azungu anawapeza ali pagule ameneyu, n'kuwapha mazanamazana.

Wofuna kuwamvetsa anthu a Tolowa ayambire pa guleyu. Kuti Nee-dash avinidwe pamafunika malo ake, chuma chake, mtendere pakati pa mabanja, ndi chilankhulo chopempherera. Zonsezi anthuwa analandidwa chimodzichimodzi, ndipo mbiri yawo ya zaka 170 zapitazi ndi ya anthu otolera zomwe zinamwazika.

Dzina loti Tolowa anawapatsa ndi anansi awo akumwera, a Yurok, potchula mudzi wina wa m'mbali mwa nyanja yaing'ono ya Lake Earl. Iwo eni amadzitcha Dee-ni', kutanthauza anthu. Dziko lawo, monga momwe amalilongosolera okha, linayambira pa kamtsinje ka Wilson Creek kumwera, kulowera kumpoto mpaka mtsinje wa Sixes ku Oregon, n'kukwera mapiri chakum'mawa. Malire a California ndi Oregon anadzadula dzikoli pakati, koma a Tolowa ndi abale awo a ku Oregon, a Chetco ndi a Tututni, ankamvana polankhula, ankakwatirana, ndiponso ankavinira limodzi.

Chilankhulo chawo n'cha m'banja la Athabaskan. Abale ake ali kutali zedi: ena ku Alaska ndi kumpoto kwa Canada, ena m'zipululu za Arizona ndi New Mexico, kwa a Navajo ndi a Apache. Ubalewu umamveka ndi khutu lomwe. A Navajo amadzitcha Diné, a ku Canada amati Dene, a ku mtsinje wa Smith amati Dee-ni'. Akatswiri a zilankhulo amati makolo a onsewa anatsika kuchokera kumpoto. A Tolowa amati iwo analengedwera pa Yan'-daa-k'vt. Ine sindiona chifukwa chokankhira mawu awo pambali, poti munthu akamati analengedwera pamalo akutiakuti amakhala akunenanso udindo umene ali nawo pamalopo, ndipo udindowo a Tolowa anausenza mooneka.

Dziko la mitengo ndi nsomba

Dera limeneli ndi la mvula yambiri ndi nkhungu. Ndi kwawo kwa redwood, mtengo wotalika kuposa mitengo yonse padziko lapansi. Ina imapitirira mamita 100, ina yakhala zaka zoposa 2,000. A Tolowa ankautcha k'vsh-chu, ndipo moyo wawo wonse unatsamira pa iwo. Analibe nkhwangwa zachitsulo. Ankang'amba matabwa pokhomera nyanga zosongoka za elk, nyama yaikulu yonga mphalapala, ndi nyundo zamwala. Nyumba ankaimanga ndi matabwa amenewa, pansi atakumbapo dzenje lokhalamo kuti muzifunda, khomo lake lili kabowo kobulungira kolowa chokwawa. Amayi ndi ana ankagona m'nyumba yabanja. Amuna ndi anyamata osinkhuka ankagona m'nyumba ina yokumbidwa pansi kwambiri, momwe ankasonkha moto n'kudzitulutsa thukuta kenako n'kukasamba m'madzi ozizira. M'menemo ndi momwe ankaluka maukonde, kupemphera, ndi kuphunzitsa achinyamata nyimbo ndi malamulo.

Mabwato ankawasema kuchokera ku thunthu limodzi. A mumtsinje anali aafupi, koma a panyanja yaikulu ankafika mamita 12. Ndi mabwato amenewa amuna ankapalasa mtunda wa makilomita pafupifupi 10 kupita kumatanthwe a kunja kwa Point St. George kukasaka sea lion, nyama ya m'madzi yamafuta ambiri. Nyanja ya kumeneko ndi yozizira ndiponso yaukali, moti sitima zikuluzikulu za azungu zinadzasweka pamatanthwe omwewo.

Kulima chakudya sikunali kofunika kwa iwo, ngakhale ankadzala fodya wa pamapemphero. Chaka ankachiwerenga ndi zomwe madzi ndi nkhalango zikupereka. M'chilimwe mabanja ankasamukira kugombe kukagwira lhvmsr, kansomba konyezimira kokulirapo pang'ono kuposa usipa, kamene kamabwera ndi mafunde kudzaikira mazira mumchenga. Mwamuna amaima m'mafunde ndi ukonde womangidwa pamitengo iwiri yopingasa, funde likamabwerera n'kuuviika. Amayi amayanika nsombazo pamchenga woyalidwa udzu, kuzitembenuza tsiku ndi tsiku, kuzifunditsa usiku kuti nkhungu isazinyowetse. Kenako inkabwera nyengo ya lhuk, nsomba za salmon zokwera mtsinje wa Smith, ndipo panali mwambo wa nsomba yoyamba umene unkayenera kuchitika anthu asanayambe kupha mwaunyinji. Pambuyo pake ankakwera kumapiri kukatola mtedza wa mitengo ya oak. Mtedzawu ndi wowawa. Ankauuma, kuusinja, kuuika m'kadzenje ka mchenga n'kumathirapo madzi mpaka kuwawa kutatha, kenako n'kuphika phala m'dengu loluka mothinana, poponyamo miyala yotentha.

Azungu atafika anaona ngati nkhalangoyo inangodzikhalira yokha. Sanadziwe kuti madambo otseguka omwe ankawasirira anali ntchito ya moto wa a Tolowa. Ankatentha tchire panyengo yake kuti pansi pa mitengo ya oak pakhale poyera, kuti nyama zipeze msipu wanthete, komanso kuti timitengo tolukira madengu tiphuke towongoka.

Chuma ndi milandu

Apa m'pamene anthu ambiri amadabwa. A Tolowa analibe mfumu yaikulu yolamula midzi yonse. Mudzi uliwonse unali pawokha, ndipo wotsogolera anali munthu wachuma yemwe mawu ake ankamveka. Koma chuma chake sichinali chakudya, chifukwa chakudya ankagawana, ndipo kumana mnansi wanjala kunali kochititsa manyazi. Chuma chinali zigoba zoyera zazitali zonga kanyanga ka njovu, zotchedwa dentalium, zomwe zinkachokera kutali kuchilumba cha Vancouver, kudutsa m'manja mwa mitundu yambiri. Ankazitunga pachingwe, ndipo mtengo wake unkadalira kutalika kwa chigoba chilichonse. Amuna ankatema mphini padzanja zoyezera zingwe zimenezi, moti muyeso ankayenda nawo pathupi. Chuma chinanso chinali mipeni ikuluikulu ya mwala wonyezimira wa obsidian, zikopa za agwape zamtundu wosowa, ndi nthenga zofiira za pamutu pa gogomole.

Ndalama zimenezi zinkagwira ntchito ziwiri zikuluzikulu. Yoyamba inali malowolo. Mkazi ankapita kuchitengwa kumudzi kwa mwamuna, ndipo ulemu wa ana unkayenderana ndi zomwe zinaperekedwa kwa makolo a mayi wawo. Yachiwiri inali kulipa milandu. Cholakwa chilichonse chinali ndi mtengo wake: kutukwana, kuvulaza, kupha nsomba pamalo a banja lina, kutchula dzina la womwalira pamaso pa abale ake, ngakhale kupha munthu kumene. Panali ankhalapakati oyenda uku ndi uku mpaka mbali ziwiri zitagwirizana. Dipo likaperekedwa nkhani inkathera pomwepo, ndipo kuidzutsanso kunali mlandu wina. Munthu wachuma ankalipirira abale ake osauka, iwonso n'kumamuthandiza ntchito. Asing'anga ambiri anali akazi, ndipo iwonso ankalipidwa ndi zigoba zomwezo. Atsikana akakula ankawatema mphini za mizere itatu pachibwano.

Akatswiri a chikhalidwe cha anthu monga Cora Du Bois ndi Philip Drucker, omwe anacheza ndi akuluakulu a Tolowa m'zaka za m'ma 1930, analemba kwambiri za kukonda chuma kumeneku. Koma kuti chumacho chimveke bwino, chiyenera kuonedwa pagule. Nthenga, mikanda, zikopa ndi madiresi a zigoba zinkasungidwa m'mabokosi chaka chonse kudikira Nee-dash, ndipo mwini wake ankaziveka ana a ena kuti zivine. Kudera lonseli kunali lamulo loti gule wamkulu asanayambe, milandu ithe ndipo ofedwa apepesedwe. Sungakonze dziko uli ndi mangawa ndi mnzako.

Guleyu amavinidwa usiku, m'nyumba yamatabwa, moto uli pakati. Amuna ndi atsikana amaima pamzere mosinthanasinthana, amuna atavala nthenga kumutu, atsikana atavala zisoti zoluka ndi madiresi achikopa olenjekeka zigoba, zomwe zimalira ngati mafunde akamapondaponda. Woimba amatsogolera nyimbo, ena n'kumavomera ndi mawu okhuthala. Pakati pa nyimbo wamkulu amapemphera, kufotokoza mmene dziko linalengedwera ndi kuthokoza chinthu chilichonse pochitchula dzina. Usiku uliwonse zovala zimachulukirachulukira, mpaka usiku womaliza pamene chuma chonse chimatuluka ndipo amavina mpaka mbandakucha.

Anthuwa ankadziwa kuti dziko limatha kusweka. Ali ndi nthano ya Test-ch'as, yosimba za chivomezi ndi chigumula chochokera kunyanja chomwe chinasesa midzi, n'kupulumuka mnyamata ndi mtsikana amene anathawira paphiri la En-may, lomwe pamapu ndi Mount Emily ku Oregon. Asayansi anadzapeza kuti pa 26 Januwale 1700 gombe lonseli linagwedezeka ndi chivomezi chachikulu kwambiri, ndipo mafunde ake analembedwa m'mabuku a ku Japan. Mu 1964 mafunde a mtundu womwewo, ochokera ku chivomezi cha ku Alaska, anapha anthu 11 ku Crescent City, tauni ya m'gombe lawo. Choncho pamene a Tolowa ankati dziko limafuna kukonzedwa chaka ndi chaka, ankanena chinthu chimene makolo awo anachiona ndi maso.

Pamene dziko linatembenuzika

Mzungu woyamba wodziwika bwino kudutsa m'dziko lawo pamtunda anali Jedediah Smith, wosaka zikopa, mu 1828. Paja amati mlendo ndi mame. Smith anakamukadi msanga, koma dzina lake linatsalira pamtsinje wawo ndi pankhalango yawo ya redwood mpaka lero. Obwera pambuyo pake sanali odutsa. Golide anapezeka ku California mu 1848, dzikolo linalowa mu United States ngati boma la palokha mu 1850, ndipo okumba golide anasefukira m'mapiri a kumpoto. Katundu wawo ankafunika doko, motero mu 1853 anamanga tauni ya Crescent City pamalo pomwe panali mudzi wa a Tolowa wa Taa-'at-dvn.

Kupha komwe kunatsatira kunali ndi malamulo kumbuyo kwake. Mu 1850 nyumba ya malamulo ya California inakhazikitsa lamulo lomwe dzina lake linkati ndi loteteza eni nthaka, anthu omwe azungu anawapeza m'dzikolo, chonsecho linkalola mzungu kutenga ana awo kukawagwiritsa ntchito, kulola kugwira wamkulu aliyense woti akungoyendayenda n'kumugulitsa kwa wofuna wantchito, ndiponso linkati mzungu sangapezeke wolakwa ndi umboni wa mwini nthaka. Mu Januwale 1851 bwanamkubwa woyamba wa California, Peter Burnett, ananena poyera kuti nkhondo yopulula idzapitirira mpaka mtundu wa eni nthaka utatheratu. Boma linkalipira magulu a anthu wamba onyamula mfuti, ndipo boma lalikulu ku Washington linadzabweza ndalama zambiri mwa zimenezo. A Tolowa anawapatsa alendowa dzina lotanthauza anthu osolola mipeni.

Anayambira pa Taa-'at-dvn m'chaka chomwecho cha 1853. Kenako anapita ku Yan'-daa-k'vt. Anasankha nthawi ya gule podziwa kuti anthu adzakhala ataunjikana, alendo ochokera ku Oregon ndi kwa a Yurok ali pomwepo. Anazinga mudzi kusanache, n'kuyatsa nyumba zamatabwa zija. Kumbukirani kuti khomo la nyumba linali kabowo kotuluka mmodzimmodzi chokwawa. Aliyense wotuluka ankamuwombera. Ena anathawira m'dziwe la pafupi n'kubisala m'mabango, madzi atafiira magazi. Mkulu wina wa a Tolowa, Eddie Richards, yemwe anamva nkhaniyi kwa akuluakulu a m'banja lake, anadzasimba kuti azunguwo anasonkha chimoto n'kuponyamo madiresi a gule, nthenga ndi zovala zopatulika, ndiponso makanda, ena ali amoyo. A Tolowa amati tsiku limenelo kunafa anthu oposa 450, ena amafikitsa pa 600. Azungu anayamba kuwatcha malowo Burnt Ranch, ngati kuti chomwe chinapsa chinali khola wamba.

Otsala anasamutsira gule ku Ee-chuu-le', mudzi wa m'mbali mwa Lake Earl womwe azungu ankaulemba Achulet. Kumapeto kwa 1854 magulu a mfuti anawatsatira komweko n'kupha anthu ena makumimakumi. Ku Xaa-wan'-k'wvt, mudzi wa pamathiriro a mtsinje wa Smith, kunafanso anthu pafupifupi 70. Kumpoto, midzi ya a Chetco inatenthedwa m'nyengo yomweyo. Palibe mzungu amene analangidwa chifukwa cha imfa zimenezi. A Tolowa amaitchula nyengo imeneyi kuti nthawi imene dziko linatembenuzika chadodolido.

Kodi analipo angati asanayambe kuphedwa? Akatswiri amasiyana: Alfred Kroeber anati 1,000. Sherburne Cook anati 2,400. Benjamin Madley, katswiri wa mbiri yakale amene anafufuza mozama za kuphedwa kwa eni nthaka a California, amati mwina 5,000. A Tolowa eni amati anali oposa 10,000 ukawerengera abale awo a ku Oregon. Ziwerengero zotsika zija zinapangidwa pofunsa otsala ochepa patapita zaka makumi angapo midzi itatha, ndiye n'zosadabwitsa kuti zinachepa. Chomwe sichisintha n'chakuti kalembera wa 1910 anapeza a Tolowa 121 okha. M'California monse, eni nthaka anatsika kuchoka pa 150,000 kufika pa 30,000 pakati pa 1846 ndi 1873.

Opulumuka mfuti anasamutsidwa. Nkhondo ya azungu ndi eni nthaka ya ku mtsinje wa Rogue ku Oregon itatha mu 1856, mazana a Dee-ni' anatengedwa kupita kumalo otsekerako eni nthaka a Siletz ku Oregon, ndipo zidzukulu zawo zili komweko mpaka pano. Ena anawapititsa kumtsinje wa Klamath. Madzi osefukira a 1861 ndi 1862 atawononga malo a ku Klamath, boma linatsegula ena ku Smith River, asilikali ali pafupi pa Camp Lincoln. Mu 1868 linatsekanso n'kukusira anthu ku Hoopa Valley. Kulikonse komwe anawapititsa, ena ankathawa usiku kubwerera kwawo, n'kumakhala m'mphepete mwa mafamu omwe anali minda ya makolo awo, kugwira ganyu m'mafakitale a nsomba ndi ocheka matabwa. Cha m'ma 1872 analandira gule wa mizimu wochokera kwa mneneri Wodziwob wa mtundu wa Paiute ku Nevada, yemwe ankalonjeza kuti akufa adzabwerera. Kwa anthu amene banja lililonse linali ndi maliro osaika, uthenga umenewu sunali wovuta kuumvetsa.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 boma linagulira otsalawo timalo tating'ono totchedwa rancheria: maekala 160 ku Smith River, ndi kena kocheperapo ku Elk Valley pafupi ndi Crescent City. Ana ankatengedwa kupita kusukulu zogonera komweko monga Chemawa ku Oregon ndi Sherman Institute ku Riverside, komwe ankametedwa tsitsi ndi kulangidwa akalankhula chakwawo. Mu 1923 akuluakulu a boma analetsa Nee-dash. Guleyu sanafe, koma anafupika. M'malo mwa masiku 10 ankavinidwa usiku umodzi kapena uwiri m'nyumba za anthu, mwakachetechete. Cha m'ma 1930 kunafika mpingo wa Indian Shaker, womwe anauyambitsa John Slocum kudera la Washington, kumpoto kwa Oregon, m'zaka za m'ma 1880. Unali wachikhristu, wa mabelu ndi makandulo, koma unali wa eni nthaka okha, ndipo ambiri anapezamo pobisa mapemphero ndi machiritso awo. Ena mwa okhulupirira atsopanowo anataya zovala za gule poziona ngati zakale. Sindingawaweruze. Anali anthu ofuna kuti ana awo akhale ndi moyo.

Nkhonya yomaliza inabwera ndi pepala. M'zaka za m'ma 1950 boma la America linaganiza zothetsa ubale wake ndi mitundu ya eni nthaka, kuti pamaso pa lamulo isakhalenso mitundu. Siletz inathetsedwa ndi lamulo la 1954. Lamulo la 1958 linakhudza ma rancheria a California, ndipo Smith River ndi Elk Valley anali m'gulu la othetsedwa. Malo anagawidwa kwa munthu payekhapayekha, msonkho unayamba, ndipo olephera kulipira anagulitsa. Misewu ndi madzi zomwe boma linalonjeza kukonza lisanachoke sizinakonzedwe monga linanenera. Siletz inabwezeretsedwa mu 1977. Mu 1979 mayi wina wa mtundu wa Pomo, Tillie Hardwick, anasumira boma m'malo mwa onse, ndipo mu 1983 ma rancheria 17 anabwezeretsedwa, awiri a a Tolowa ali momwemo. A ku Smith River anadzasintha dzina n'kukhala Tolowa Dee-ni' Nation, ndipo lero ali ndi nzika pafupifupi 2,000, boma lawolawo ndi khoti lawo.

Kutolera mawu

Kubweza dzina papepala n'kosavuta poyerekeza ndi kubweza chilankhulo pakamwa. Pofika m'ma 1960 olankhula bwino anali okalamba owerengeka, monga Amelia Brown, amene anakhala zaka zoposa 100, ndi Sam Lopez. Makolo a m'badwo wapakati sanaphunzitse ana awo dala, powapewetsa mkwapulo umene iwo analawa kusukulu. Chakumapeto kwa zaka zimenezo anthu a m'deralo, mothandizana ndi Tom Parsons wa ku koleji ya Humboldt State, anayamba kulemba mawu a akuluakulu. Anagwiritsa ntchito zilembo za Unifon, zomwe zinapangidwira Chingerezi ndipo maonekedwe ake anali achilendo. Zinathandiza kusunga zambiri, koma makina otayipira ndi makompyuta analibe zilembozo, ndiponso sizinkagwira bwino mawu a m'mphuno ndi a pakhosi. M'zaka za m'ma 1990 anasinthira ku zilembo wamba zomwe akulembera lero. N'chifukwa chake m'mawu ngati k'vsh-chu muli v pakati: chilembocho chimaimira liwu lalifupi lomwe zilembo zisanu za masiku onse, a, e, i, o, u, zilibe.

Pakati pa ntchito imeneyi pali banja la a Bommelyn. Eunice Bommelyn, amene anamwalira mu 2012, anasunga mibadwo ya mabanja ndi luso loyanika nsomba ndi kuluka maukonde. Mwana wake Loren Me'-lash-ne Bommelyn, wobadwa mu 1956, anakula akufunsa okalamba mawu ndi nyimbo, anaphunzira za zilankhulo ku University of Oregon, n'kuphunzitsa chilankhulo cha Tolowa kwa zaka zambiri pasukulu ya sekondale ya Del Norte ku Crescent City, tauni yomwe ija inamangidwa pa Taa-'at-dvn. Ndi woimba wa Nee-dash komanso woluka madengu, ndipo mu 2002 analandira National Heritage Fellowship, ulemu waukulu umene boma la America limapereka kwa osunga luso la makolo. Ku Siletz, Bud Lane anajambula mawu masauzande ambiri a mtanthauziramawu wolankhula wa pa intaneti. Kuyambira m'ma 1970 gule anatulukanso poyera, ndipo anamumangira nyumba yamatabwa ku Nii~-lii~-chvn-dvn, m'mbali mwa mtsinje wa Smith. Zovala zambiri zinapsa mu 1853, zina zili m'nyumba zosungiramo zakale, choncho zatsopano amazipanga pang'onopang'ono, chigoba chimodzichimodzi.

Za malo opatulika nkhondo yake inafika mpaka ku Khoti Lalikulu la America. M'mapiri a Siskiyou muli malo okwera omwe a Tolowa, a Yurok ndi a Karuk amapitako kukapemphera kwayekha, ndipo mapempherowo amafuna bata lenileni. Nthambi ya boma yoona za nkhalango inafuna kumaliza msewu wa magalimoto onyamula mitengo wolumikiza Gasquet ndi Orleans, kudutsa pafupi ndi Chimney Rock. Kafukufuku amene nthambiyo inalamula yokha anati msewuwo usamangidwe, koma inapitirizabe. Mu 1988, pamlandu wa msewuwu wotchedwa Lyng, oweruza asanu mwa asanu ndi atatu anagamula mokomera boma. Woweruza Sandra Day O'Connor analemba kuti ngakhale msewuwo utawonongeratu chipembedzo cha anthuwa, malamulo aakulu a dziko saletsa boma kugwiritsa ntchito malo ake. Mawu oti malo ake amenewo ndi opweteka ukakumbukira mmene malowo anapezekera. Msewuwo sunamalizidwe, chifukwa mu 1990 nyumba ya malamulo inaika deralo m'gulu la nkhalango zosakhudzidwa. Koma chigamulocho chikadali m'mabuku, ndipo makhoti amachitchulabe pokana madandaulo a mitundu ina.

Pa 18 Juni 2019 bwanamkubwa Gavin Newsom anapepesa eni nthaka a California m'dzina la boma, ndipo anatchula zomwe zinachitikazo kuti kunali kupulula mtundu. Kwa anthu amene lamulo lawo limati mlandu umatha ndi dipo, kupepesa kwa pakamwa ndi chiyambi chabe cha nkhani. Mitengo yakale ya redwood yotsala ndi pafupifupi isanu pa 100 iliyonse. Nsomba za lhvmsr zachepa kwambiri, moti mabanja omwe amamangabe misasa kugombe m'chilimwe nthawi zina amadikira masiku osaona kanthu. A Tolowa Dee-ni' Nation amayendetsa malo oswetsera salmon pa Rowdy Creek, amayeza nkhono za m'gombe ngati zili ndi poizoni, ndipo mu 2023, pamodzi ndi mitundu ina iwiri ya m'gombelo, analengeza chigawo cha nyanja cha masikweya mailosi pafupifupi 700 kuti chili m'manja mwawo kuchisamala, choyamba cha mtundu umenewu mu United States. Sanadikire kuti wina awapatse chilolezo.

Yan'-daa-k'vt akadali m'manja mwa boma la California. Mu Disembala, masiku a Nee-dash akamayandikira, a Tolowa amapita kukachitunda kaja atanyamula makandulo. Amaima pafupi ndi manda, mphepo ya kunyanja ikuzimitsa malawi iwo n'kumayatsirana, ndipo amapemphera m'chilankhulo cha Dee-ni'. Ena mwa ana oima pamenepo anachiphunzira m'kalasi, ena akuchimva kunyumba kuchokera kwa makolo amene nawonso anachiphunzira atakula.